Achimwene Anafa Akusiya Mowa

Ndinadzuka folo koloko isanakwane, kunja kuli mdima bii, kuzizira kolowa mpaka m'mafupa. Kunena zoona sindinagone. Ndinangodzipinda pa benchi kuseri kwa tenti, pakhomo pa makolo a alamu anga ku Tlokweng, pamene tinkakhuzira maliro a achimwene anga a Fatsani. Nyimbo zinali zitatha, amayi a kumpingo atagona chokhala, atafunda mabulangete mpaka kumutu. Kuno ku Botswana maliro saika masana ngati kwathu. Amaika Loweruka m'mamawa, ndipo wochedwa amapeza anthu akusamba m'manja.

Ndinapita kuseri kwa nyumba kukaotha moto. Kumeneko kunali amuna okhaokha, chifukwa kuno nyama ya pamaliro amaphika amuna. Miphika yachitsulo ya miyendo itatu inali pamzere, ndipo awiri ankasinja nyama ndi mitengo mumphika momwemo kuti inyenyeke, ija amati seswaa. Utsi unkangozungulira pansi poti kunalibe mphepo. Mmodzi anandipatsa tiyi m'kapu yachitsulo osafunsa kuti ndine ndani. Wina ankakamba za mpira motsitsa mawu. Ndinawathokoza mumtima, chifukwa sabata yonse aliyense wondiona ankandigwira paphewa n'kundiuza kuti ndi chifuniro cha Mulungu, ndipo ndinali nditafika poti wotsatira ndimupatsa chibakera.

Lamulo lina la kuno ndi loti mwamuna salowa kumanda wopanda jekete. Ine jekete ndilibe. Achimwene ananditenga ku Ntcheu ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri kuti ndidzaphunzire kuno, koma sukulu ndinasiyira Fomu 2. Chimene chinandilowa ndi Chitswana cha mumsewu ndi ntchito yowotcherera mageti ndi zitsulo za m'mawindo. Chovala changa chaulemu ndi ovolosi yochapa. Ndiye alamu, akazi a malemu, ananditumizira jekete yotuwa imene achimwene ankavala pophunzitsa masamu. Manja ake anali aatali, ankandibisa zala. Nditapisa m'thumba lamkati ndinapeza khadi la kuchipatala, lopindidwa panayi, litafewa ngati kansalu. Sindinalitsegule. Ndinkadziwa kale kuti muli zidindo zisanu ndi ziwiri, chifukwa maulendo asanu mwa amenewo ndinali nawo pa benchi imodzi.

Ndifotokoze pang'ono, poti ena mwa inu simunkawadziwa. Achimwene ankamwa kuyambira kale, koma ngati anthu ena onse, Lachisanu ndi Loweruka. Mliri utabwera, sukulu ya eni ake imene ankaphunzitsa inatseka ndipo sinatsegulidwenso. Mabala anatsekedwa, kugulitsa mowa kunaletsedwa, koma kuseri kwa mipanda kunkapezeka zam'zigubu zoti ngakhale wophika sankadziwa kuti waikamo chiyani. Munthu wozolowera choko ndi phokoso la ana anapezeka ali yekhayekha m'chipinda ndi chigubu. Mliri unatha, tinataya mamasiki, mabala anatsegula, anthu anabwerera kuntchito zawo. Achimwene sanabwerere. Pofika chaka chatha, m'mawa sankatha kugwira kapu asanamwe. Alamu anatenga mwana n'kubwerera kwa makolo awo, ndipo ine sindiwaimba mlandu. Achimwene anasamukira m'kachipinda kanga ka lendi, ku Tlokweng komweko.

Anayamba okha kunena kuti atopa, palibe anawakakamiza. Tinayamba kuyenda. Ku kiliniki anatipatsa kalata yopita kuchipatala chachikulu. Kumeneko anati mabedi a anthu otere ndi ochepa ndipo onse ali ndi eni ake, tibwerenso. Anadinda khadi. Tinamva za kagulu ka anthu osiya mowa kamene kankakumana m'holo ya tchalitchi china, koma tinapeza mipando itasanjikizidwa pakona. Mlonda anati kanatha nthawi ya mliri, amene ankalipira mlangizi anatembenukira ku zina. Cha ku Mokolodi kuli malo ena okongola a eni ake, a kapinga wothirira. Mayi wa pakhomo anatilandira mwaulemu n'kutiuza mtengo. Achimwene anaseka, nati, "Tiye Limbani, kombi ingatisiye." Tinabwereranso kuchipatala, anadindanso. Tsiku lina tinapeza namwino ali yekha, khonde lonse litadzaza anthu, maso ake ali psuu, moti ngakhale ine wa mtima wapachala ndinalephera kumukalipira. Anati anzake amene ankagwira ntchito yolangiza anawasamutsira ku za mliri ndipo sanawabwezenso.

Chidindo chachisanu ndi chiwiri chitalowa, achimwene anati basi, asiya okha. Anandipempha kuti ndiike mpiringidzo kunja kwa chitseko, ndiziwatsekera ndikamapita kuntchito. Ndinaupanga ndi manja angawa, wolimba, wosagwedera. Tsiku loyamba anasanza. Tsiku lachiwiri ananjenjemera, akuona tinthu tikuyenda pakhoma, ine n'kumawalimbikitsa kuti ndi mowa ukutuluka. Tsiku lachitatu ndinabwera masana ndi chakudya, ndinawapeza pansi. Dokotala amene anatsimikiza imfa anandifunsa mafunso angapo, kenako anati munthu amene wamwa nthawi yaitali chonchi sayenera kusiya mwadzidzidzi popanda mankhwala ndi womuyang'anira, chifukwa thupi limagwidwa ngati wakhunyu ndipo mtima umatha kuima. Ndinamufunsa kuti nanga bwanji maulendo onse aja palibe anatiuza. Anangosaina pepala la imfa n'kundipatsa.

Cha m'ma faifi magalimoto anayamba kufika, nyali zikuwala m'fumbi. Amalawi a mu Gaborone anabwera ambiri: aphunzitsi, anamwino, madokotala, onse m'makhoti aatali. Ambiri ndinali ndisanawaone chiyambire pamene achimwene anayamba kununkha mowa masana. Amalume anga, mlongo wawo wa amayi, amene amagwira ntchito yowerengera za chuma ku Extension 2 mu Gaborone ndipo ndi mkulu wa mpingo, anaimika galimoto pageti n'kundikodola. M'galimotomo munali mofunda bwino. Anandipatsa pulogalamu ya maliro, pamwamba pali achimwene atavala mkanjo wa digiri.

Pa maliro a Atswana pali gawo limene kwathu sindinalionepo. Munthu amene anadwazika malemu, amene ankawasambitsa ndi kuwadyetsa, amaimirira n'kufotokozera anthu mmene matenda anayendera mpaka imfa. Amamutcha mooki. Pa msonkhano wa mabanja awiri Lachitatu, alamu anatchula dzina langa. Koma papepala panali dzina la amalume.

"Amalume, apa alakwitsa."

"Palibe walakwitsa. Iwe uli ndi chisoni, ndiponso pakamwa pako timapadziwa. Ndinena ine mwachidule. Anadwala nthawi yochepa, basi."

"Inu munawadwazika liti?"

"Limbani, tamvera. Ife kuno ndi alendo. Tikayamba kuyanika za mowa pamaso pa apongozi, Lolemba kuntchito azikatiloza tonse. Ndiye pali amayi ako, ayenda masiku awiri pabasi ndi BP yawo ija." Anatsitsa mawu. "Komanso pali nkhani ya chitseko. Apolisi anakumvetsa, koma anthu sangakumvetse. Ukufuna amayi ako amve kuti mwana wawo wina anatsekera mnzake mpaka kufa? Ndikuteteza iweyo."

Ndinatuluka n'kumenyetsa chitseko cha galimoto mpaka agalu a nyumba yoyandikana anauwa. Koma mawu omalizawo anandilowa. Ndinadziuza kuti ndikhala chete.

Amayi anali atafika Lachinayi kuchokera ku Ntcheu. Anali m'chipinda ndi alamu, pamatiresi, mmene amakhalira ofedwa. Chaka chonse chatha amayi sankayankha foni ya achimwene. Amalume anawauza kuti Fatsani wakana thandizo, wakana mapemphero, ndipo njira yokhayo ndi kumuumira mtima mpaka nzeru zimubwerere. Amayi anamvera, poti wonena anali mlongo wawo, wophunzira, amene ali komweko. M'mawa umenewo nditalowa kukawadzutsa, anayang'ana jekete ija, anandikonza kolala, nati, "Akanangolola kuthandizidwa mwana ameneyu. Anasankha botolo, ine n'kundisiya." Dzanja lawo linali pachifuwa panga, pamwamba penipeni pa khadi. Ndinangoti, "Eya amayi," n'kutuluka msanga.

Kuona nkhope kunayamba kukungoyera. Mzere unali wautali, unatuluka pageti mpaka kukafika pa shopu ya pakona. Anthu ankalowa, kuwerama, kutuluka, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Achimwene anawadzoza zinthu kumaso moti ankaoneka onenepa, opuma bwino, ngati munthu woti sanavutikepo. Sindinakhalitse. Dzuwa linatuluka lofiira kuseri kwa fumbi, lopanda mphamvu, ndipo tonse tinalowa m'tenti. Atswana anakhala mbali ina, Amalawi mbali ina, popanda wowauza.

Zolankhula zinayenda monga zimayendera. Mnzawo wa kusukulu anati anali katswiri wa masamu, ndipo ndi zoona. Wa kumpingo anati ankaimba besi. Amalawi ankalankhula Chichewa chifukwa cha amayi, ndipo mphunzitsi wina wa kumpingo kwathu ankamasulira m'Chitswana. Itafika nthawi ya mooki, amalume anaimirira, anamanga batani la jekete. Anati mwana wawo anadwala nthawi yochepa, banja linayesetsa, madokotala anayesetsa, koma Mulungu anamukonda koposa. Mphindi ziwiri sizinakwane. Ine ndinali nditagwira mpando wa pulasitiki wa kutsogolo kwanga mpaka unayamba kulira. Koma ndinakhala chete, ndipo zikanathera pomwepo.

Woyendetsa mwambo anali bambo aang'ono a alamu, mdala wamfupi wa ndevu zoyera, chipewa chili m'manja. Sanaitane wotsatira. Anayang'ana papepala, anayang'ana amalume, nalankhula m'Chitswana modekha, akuwatchula kuti rra, kutanthauza bambo.

"Rra, mawu achitonthozo tawamva, ke a leboga, ndathokoza. Koma mooki sitinamumve. Ife tinauzidwa kuti pali mnyamata amene ankamusambitsa. Kuno sitiika munthu tisanamve mmene wapitira."

Alamu anatukula mutu pansi pa bulangete, anatulutsa dzanja n'kundiloza.

Mmene ndinafikira kutsogolo sindikumbukira. Ndinayamba m'Chichewa. Ndinati achimwene anga ankamwa mowa, ndipo mowa unawagwira moti sakanatha kuusiya okha. Womasulira uja anauza anthu kuti malemu anali ndi matenda ovuta. Ndinamuyang'ana, ndinapitiriza. Ndinati anapita kasanu ndi kawiri kukapempha bedi ndipo anabwezedwa. Iye anati madokotala anawaona kambirimbiri. Apa mutu unanditentha.

"Aphunzitsi, khalani pansi. Chitswana ndimachidziwa, ndinachiphunzirira kumene inu simupondako."

Ndinamulanda maiki. Kumbali ya Amalawi kunamveka phokoso, wina anati, "Aaa, mwana uyu." Sindinatembenuke. Kuyambira pamenepo chilichonse ndinkachinena kawiri, m'Chichewa nditayang'ana amayi, m'Chitswana nditayang'ana akuchikazi. Ndinatulutsa khadi, ndinalitambasula, ndinalikweza m'mwamba. Ndinanena za benchi, za holo yotseka, za kapinga wa ku Mokolodi. Kenako ndinanena za chitseko. Ndinati mpiringidzo ndinapanga ndine, wotseka ndinali ine, ndipo tsiku lachiwiri akunjenjemera ndinawauza kuti alimbe mtima. Ndinati ngati muno muli wina amene ali ndi munthu wotere kunyumba, asamutsekere, asamulande mowa tsiku limodzi, munthu amafa. Ine ndinaphunzira zimenezi pa mtembo wa mbale wanga.

Ndikanalekera pomwepo zikanakhala bwino, koma ine sindidziwa kulekeza. Ndinati mliri utabwera, masabata ochepa okha anapezeka matenti, mabedi, magalimoto oyenda ndi zimkuzamawu kutiphunzitsa kusamba m'manja. Ndiye kuti zimatheka akafuna. Mliri unapita n'kutisiyira anthu ngati achimwene m'makomo ambiri, koma iwowo palibe wowafunira bedi. Amatiuza kuti pa botolo lililonse pali msonkho wothandizira kuchepetsa mavuto a mowa. Ngati zili choncho, achimwene anapereka mokhulupirika kuposa aliyense m'tenti muno, ndipo chimene analandira ndi inki yapakhadi. Ndinati sindinaphunzire, sindidziwa amene amagawa chuma cha zaumoyo, koma ndikudziwa kuti mlangizi mmodzi wokhala ndi mphindi zisanu akanatiuza chimene dokotala anandiuza mochedwa.

Kenako ndinatembenukira kwa anthu akwathu. Tili ndi gulu la pafoni la Amalawi a kuno. Achimwene atamwalira, za bokosi, tenti ndi ng'ombe zinatheka masiku awiri, ndipo ndikuthokoza. Koma sabata imodzi asanamwalire ndinalemba pagulu lomwelo. Ndinati achimwene akufuna kusiya mowa okha kunyumba, kodi alipo angatilangize? Pagulupo pali madokotala ndi anamwino oposa zala zanga. Chimene ndinalandira ndi tizithunzi ta manja opemphera. Ndinawafunsa m'tentimo kuti mmodzi yekha analephera bwanji kulemba mawu awiri oti musatero. Ndinanenanso mawu ena okhudza amalume amene sindingalembe pano. Amenewo okha ndi amene ndimadandaula nawo, osati chifukwa anali abodza, koma chifukwa mwana wa achimwene anali pomwepo akumva.

Mdala uja anandigwira pachigongono. "Kwakwana, mwana wanga. Tamva." Mayi wina wa kuchikazi anayambitsa nyimbo, anthu anailandira. Ndinayang'ana amayi. Anali atadziphimba kumaso ndi chitenje, osagwedezeka.

Ulendo wa kumanda unali wapang'onopang'ono, magalimoto onse akuphethira nyali. Makombi, maminibasi a kuno, anaima m'mbali, madalaivala ena anavula zipewa. Ine ndinakwera kumbuyo kwa bakki, ija kwathu timati pikiapu, pamodzi ndi chitsulo cha pamanda. Kuno akaika munthu amaimika pamwamba pake kakhola kachitsulo kokhala ndi denga la neti yobiriwira, koti kazitchinga dzuwa ndi mbuzi. Ka achimwene ndinakawotcherera ndekha Lachinayi, ndinakapaka penti yakuda, dzina lawo ndinalipinda ndi waya wokhuthala. Palibe Mmalawi anakwera nane. Anakwera Atswana anayi. Mmodzi, bambo wachikulire wa jekete yothina, manja ake ankanjenjemera pamawondo, ndipo kunjenjemera kwake ndinakuzindikira, sikunali kwa mphepo. Tili pakati pa njira anasendera pafupi.

"Rra, mankhwala amene wanena aja, munthu amakawapeza kuti?"

Ndinamuyang'ana. Ndinali nditangolalatira tenti yonse, koma poti ndimulozere ndinalibe. Ndinamuuza kuti apite ku kiliniki, akanene kuti akufuna kusiya, akakane kutuluka mpaka amuuze chochita. Anagwedeza mutu ngati munthu woti anapitako kale. Mkwiyo umene unandigwira pamenepo unaposa wa m'tenti.

Dothi la kumanda ndi lofiira, louma, la miyala. Abusa anapemphera mwachidule chifukwa mphepo inali itayamba kuulutsa mapepala. Bokosi linatsika. Amayi anawagwirizira anthu awiri, anaponya dothi osayang'ana m'dzenje, osandiyang'ananso ine. Kenako amuna tinayamba kukwirira. Kuno aliyense wovala jekete amagwirako fosholo, amaponya kangapo n'kusiyira mnzake. Ine ndinaponya mpaka wina anachita kundilanda. Amene anatola fosholo pambuyo panga anali amalume. Anaponya katatu, nsapato zawo zonyezimira zitakwiririka m'fumbi, ndipo pobwerera anadutsa pafupi nane.

"Wakhutira?"

"Ayi," ndinatero.

Kakhola kanga kanakhala bwinobwino, miyendo yonse inayi inalowa popanda kukumbanso. Mdala wa ndevu zoyera anakagwedeza kuti aone kulimba kwake, nagwedeza mutu movomereza.

Titabwerera, pageti panali mabeseni a madzi, tinasamba m'manja. Mizere ya chakudya inali itatu. Amalawi anadyera pamodzi pansi pa mtengo, ndipo ndikadutsa nkhani inkaduka. Ndinamva wina akuti mavuto osaphunzira ndi amenewo. Mayi wina, namwino amene ndimamudziwa nkhope yokha, anandilondola mpaka kuseri kwa thanki ya madzi, mbale ili m'manja.

"Achimwene, uthenga wanu uja ndinauona. Ndinkadziwa. Ndinangoganiza kuti wina ayankha."

Anayamba kulira. Sindinamutonthoze. Ndinamuuza kuti kumanda kuja kunali bambo wa jekete yothina wofuna kusiya, ngati ali ndi misozi yotsala akamufunefune. Anapukuta m'maso, anafunsa kuti wakhala pati. Ndinamulozera. Ngati anapitadi sindikudziwa.

Pofika masana anyamata anali atatsegula mabuti a magalimoto kumusi kwa msewu, nyimbo zikulira, mabotolo akutuluka m'madzi oundana. Amati ndi kupukuta misozi. Ena mwa iwo anali omwe aja ankati tisatchule mowa pamaliro. Wina anandiitana ndi chitini m'manja, akuti ndiziziritse mtima. Ndinachilandira n'kuchimenyetsa kumpanda. Anandigwira anthu atatu. Ndinabwerera kukathandiza kugwetsa tenti, chifukwa manja anga ankafuna chogwira.

Dzuwa litapendeka pakhomo panatsala anthu ochepa. Miphika inali itavundikiridwa, phulusa likuuluka, mipando itapita ndi eni ake. Galimoto ya amalume inali itachoka kalekale osatsanzika. Amayi anali asanandilankhule chichokereni m'mawa, ndipo ndinali nditavomereza kuti mwina sadzandilankhulanso. Ndinali nditakhala pa njerwa ndikusasa fumbi pa jekete pamene anatuluka, kachikwama kawo kali m'khwapa.

"Ndiperekeze kumene unkakhala naye."

Ndi ulendo wa mphindi khumi, koma tinayenda theka la ola chifukwa cha miyendo yawo. Titafika anaima pakhomo n'kuyang'ana m'kati: matiresi, ndowa, mabuku a masamu ataunjikidwa pansi pa windo. Kenako anayang'ana chitseko. Anagwira mpiringidzo, anaulowetsa, anautulutsa. Unkayenda bwino, ndinali nditauthira girisi.

"Unapanga ndiwe?"

"Eya amayi."

"Anakupempha yekha?"

"Yekha."

"Tandipatsa pepala lija."

Amayi Chingerezi samva, koma kuwerenga zidindo sikufuna sukulu. Anakhala pamatiresi, anayala khadi pabondo, anayenda ndi chala chidindo chimodzichimodzi, milomo ikugwedera. Atafika kumapeto anayambiranso.

"Kasanu ndi kawiri."

"Eya."

"Ndiye foni zija ankaimba akuchokera kumeneku."

Zinali zoona. Ulendo uliwonse tikabwezedwa, achimwene ankaima pa siteji ya kombi, kuimba, kumvetsera mpaka foni iduke yokha, n'kuibweza m'thumba. Ine amene m'mawa ndinanyoza anthu mazana chifukwa cha bodza, madzulo amenewo ndinafunitsitsa kunama. Koma sindinaname. Amayi anandiyang'ana, anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ndipo sanafunsenso.

"Chotsa chitsulochi," anatero.

Ndinatenga sikuludiraiva. Misomali yopota inali inayi, ndipo uliwonse ukatuluka amayi ankatambasula dzanja kuti ndiwaikire. Mpiringidzo utachoka anaulandiranso, anauyesa kulemera, anauika pansi pambali pawo. Khadi analipinda m'mizere yake yomwe ija, analilowetsa m'kachikwama n'kutseka zipi.

"Ili ndipita nalo. Kumudzi ayamba kale kunena kuti anafa ndi mowa. Ndikawauza kuti mwana wanga anafa akusiya."

Anasuntha pang'ono kuti ndipeze malo pamatiresi. Ndinavula jekete, ndinaikoleka pa msomali pamene achimwene ankaikoleka, ndinakhala. Kunyumba yaikulu ya eni malo wina ankatsuka mbale, wailesi ikulankhula motsitsa. Mphepo inakankha chitseko, chinatseguka chokha, kuzizira kunalowa. Ndinafuna kudzuka kuti ndikatseke, koma amayi anandigwira dzanja.

"Chisiye," anatero.